Nambala ya Malume pa Msomali

Kuseri kwa chitseko cha nyumba ya amayi ku Mongue, kufupi ndi Milange, kuli msomali umene kale ankapachikapo kolona. Kwa zaka zitatu pamsomalipo panalendewera kamkuwa kobulungira, kobooka pamwamba, kolembedwa nambala. Kanali ka malume anga a Bonifasiyo, alongo awo a amayi. Ndine ndinabwera nako kuchokera ku Joni, ndipo m'mudzi monse ndinali ndekha wodziwa chifukwa chimene kanapezekera m'thumba langa osati la mwini wake.

Malumewo ndi amene anandilera. Bambo anatsala m'manda a kumsasa wa othawa nkhondo kutsidya la Ruo, ndipo mtendere utabwera tinabwerera kwathu titatu, amayi, malume ndi ine. Kwathu mwana sayenda chimanjamanja wamkulu atanyamula kanthu. Ndinakula ndikunyamulira malume khasu, mpando, wailesi, ngakhale nsapato akafuna kuwoloka mtsinje. Anthu ankandinena kuti ndine mchira wa a Bonifasiyo, ine n'kumanyadira.

Iwo atapita ku Joni, ine ndinakhala wanjinga pamalire a Milange, kukankha matumba a chimanga mpaka ku Muloza. Ntchito yake ndi yothyola msana, phindu lake fumbi. Ndiye malume atabwera kutchuthi chaka china akutsimphina bondo lamanzere, n'kunena kuti kumunda wa nzimbe kumene ankagwira kukufunika munthu, sindinadikire kuti andifunse kawiri.

Tsiku lonyamuka amayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Waliona bondo la alongo angawa?" anatero. "Iwo sanena, koma likuwapweteka. Usakawalole kunyamula kanthu iwe uli pomwepo. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Ukakandichititsa manyazi kumeneko, usadzabwere kuno."

Ulendo wake sindiukumbuka bwino. Ndikukumbuka minibasi imene kwathu timati shapa, yodzaza mpaka ku Mocuba, kenako basi imene inayenda mpaka matako anachita dzanzi, ndi chikwama cha malume pamiyendo panga njira yonse.

Mundawo unali waukulu, nzimbe zokhazokha mpaka kumene maso alekezera, m'dziko lotentha ngati kuchigwa cha Shire. Madzi othirira ankachokera kutali m'ngalande. Ngalandeyo ikafika paphiri lina inkalowa m'mphanga yobooledwa ndi anthu, n'kutulukira mbali inayo, pamene inkakumana ndi mtsinje waukulu wa m'chigwembe. Pamenepo ndi pamene panali chodabwitsa. Madzi a ngalande ankawoloka mtsinjewo pamlatho, madzi pamwamba, madzi pansi.

Nditauona koyamba ndinaseka. Kwathu anthu akusowa mlatho wowolokera kupita kuchipatala, kuno mlatho amangira madzi!

Unali ndi zipilala zisanu ndi ziwiri za miyala yosema, zazitali kuposa mbawa, zolumikizana pamwamba mopindika ngati uta. Pamwamba pake panagona chimene tinkachitcha bwato, chingalande chachitsulo chakuya kupitirira msinkhu wa munthu, chopangidwa ndi zigamba zomangidwa ndi mabawuti. Malume ankaudziwa mlathowo monga munthu adziwira munda wake. Anandionetsa kuti zipilala ndi zonenepa pansi n'kumaonda pokwera, ndipo mbali yoyang'ana kumtunda kwa mtsinje ndi yosongoka kuti izing'amba madzi osefukira. Anandionetsa kuti bwato limatsetsereka pang'ono zedi moti maso sangaone, koma madzi amadziwa. Pamiyala ina panali zizindikiro zogoba, mtanda, muvi, phazi la nkhuku.

"Awa ndi mayina a amene anasema," anatero malume. "Sankadziwa kulemba. Azungu anajambula papepala, koma miyalayi inakwera pamitu ya anthu ngati ife, ena ochokera kwathu komwe, oyenda pansi miyezi. Simenti munalibe muno, ndi laimu ndi mchenga basi. Taona, mpaka lero mpeni sulowa."

"Nanga amene anagwa?"

"Funsa ng'ona."

Ankanena zoona. Pansi pa chipilala chachinayi panali dziwe lakuda, ndipo dzuwa likatentha tinkaziona zitagona pamchenga ngati zipika.

Tinkakhala kukomboni kutsidya, kumunsi kwa mlatho, anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi cha malata. Munali Mshangani, Mswazi, anyamata awiri a ku Zimbabwe, ndi ife. Tinkamvana m'Chilapalapa, chinenero chosakaniza cha kuntchito, ndi manja. Chaka chonse ntchito yathu inali kuyenda m'mbali mwa ngalande, kudula udzu, kutseka maenje a nkhanu, kuvuula mbuzi zakufa. Sindinganame, panali masiku abwino. Lamulungu tinkawotcha chimanga, malume n'kumamunamiza Mswazi uja kuti phiri la kwathu la Tumbine ndi lalitali moti ndege zimapempha chilolezo. Kumudzi tinatumiza malata, ndipo amayi anafolera nyumba ija ya msomali.

Koma kamodzi pachaka, nthawi ya mvula pamene nzimbe sizifuna kuthirira, ankatseka madzi kuti tikonze bwato. Masiku amenewo kukomboni kunkachepa nthabwala.

Geti lotsekera madzi linali kuseri kwa phiri, pakamwa pa mphanga. Linali chitseko chachitsulo chokwezedwa ndi chigudumu chopukusa ndi manja. Akatseka, tinkatsegula mchombo. Limeneli ndi dzina limene tinapatsa bowo la pansi pa bwato, pakati penipeni pa mlatho, lokula moti thumba la chimanga likhoza kudutsa. Madzi otsala ankagwera mumtsinje kudzera pamenepo, ife n'kutsika ndi makwerero kukapala ndere ndi matope. Malume ndiwo anali katswiri wa mfundo, malo olumikizirana zigamba za bwato. Ankatenga chiguduli choviika m'phula lotentha n'kumachikhomerera pakati pa zigamba ndi chizulo, kachitsulo kokhomera, monga anthu amatira bwato lodontha. Ndiwonso ankatseka mchombo pomaliza, choncho ankatuluka m'mbuyo mwa aliyense.

Woyang'anira geti sankauona mlatho, phiri linkatchinga. Ndiye panali lamulo lakale, lakale ngati mlatho womwewo. Munthu aliyense anali ndi kamkuwa ka nambala yake. Usanalowe m'bwato unkakwera kugeti kukapachika nambala yako pamsomali, pathabwa la pakhoma. Ukatuluka unkakweranso kukaichotsa. Pathabwa pakakhala nambala ngakhale imodzi, geti silitsegulidwa.

Wapagetiyo anali mdala wina wa Chishangani, wa diso limodzi loyera. Tsiku langa loyamba anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Ine sindiwerenga anthu, mfana," anatero. "Ndimawerenga misomali. Nambala amapachika mwini wake, amachotsa mwini wake. Ngakhale ya bambo ako, usaikhudze."

Ndinavomera ndi mutu. Mumtima ndinati mdalayu sanaleredwe kwathu.

Njira yopita kugeti inali yoipa. Madzi ankadutsa m'mphanga molunjika, koma munthu ankazungulira phiri, chitunda chokhachokha, miyala yoterereka. Ukachokako uyenera kutsikanso, kuwoloka, n'kupita kukomboni. Malume akakwera chitundacho madzulo atagwada tsiku lonse pachitsulo, ankafika milomo itauma, akutukwana m'Chilomwe chapansipansi. Ine ndinkayenda pambuyo pawo ndi zida zonse paphewa, manyazi atandigwira, mawu a amayi akulira m'khutu.

Ndiye tsiku lina, chaka changa chachiwiri, titatuluka tonse m'bwato, ndinawakhazika pamwala m'munsi mwa chitunda. Ndinathamanga ndekha, ndinapeza mdala uja akupaka girisi kuseri, ndinachotsa nambala ziwiri n'kutsika.

"Epa, iwe!" anatero malume nditawapatsa yawo. "Wapenga? Lamulo sukulidziwa?"

"Inu muli pano, malume. Mwatuluka kale. Chalakwika n'chiyani?"

"Usadzachitenso."

Anakalipa pakamwa pokha, bondo linkathokoza. Mawa lake anakhalanso pamwala womwewo osauzidwa. Tinachita choncho chaka chimenecho ndi chotsatira. Kupachika ankakwera okha m'mawa mwendo usanatope, kuchotsa ndinkawachotsera ine. Mdala wa pageti anandigwira kamodzi, anandilalatira mpaka malovu kutuluka, ine ndinapepesa mwaulemu wonse n'kuphunzira nthawi imene amapita kuseri. Ndinkadziona wochenjera, ndiponso mwana woleredwa bwino.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chachinayi mvula inagwa yambiri kumapiri, mtsinje unadzaza mpaka kumiza mchenga wa ng'ona, madzi ofiira onyamula mitengo yathunthu. Koma kumunda kwathu kunachita ng'amba. Tinatseka geti poyembekeza mvula, mvula osabwera, ndipo pofika tsiku lachisanu nzimbe zazing'ono zinayamba kupota masamba. Kapitawo ankabwera ndi galimoto kawirikawiri, akuyang'ana kumwamba, akuyang'ana ife.

Zaka zonse madzi ankatsegulidwa m'mawa wa tsiku lotsatira, kapitawo atayendera bwato. Ine ndinkadziwa zimenezo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti masana a tsikulo kapitawo anapita kugeti n'kumuuza mdala uja kuti thabwa likangoyera atsegule, asadikire mawa.

Dzuwa litapendeka anzathu anatuluka mmodzimmodzi. Tinatsala awiri. Malume anali atagwada pafupi ndi mchombo, chivundikiro chake chili pambali, ndipo pabowopo ndinkaona mtsinje ukuthamanga kutali pansi.

"Tsogola ndi ndowa ya phulayi," anatero osadzutsa mutu. "Yatsala mfundo imodzi, kenako nditseke apa. Puronto, ntchito yatha."

"Ndikudikireni, malume."

"Ukudikira chiyani? Ndine mkwatibwi? Pita."

Ndinakwera makwerero, ndinasiya ndowa kumapeto kwa mlatho. Ndinaganiza kuti m'malo moima chabe, ndipite kugeti, pobwera ndiwapeza atakhala pamwala wawo. Sikuti ndinaiwala lamulo ayi. Ndinalikumbuka, ndinati madzi ndi a mawa.

Kugeti ndinapeza pathabwa nambala ziwiri zokha, yanga ndi yawo. Mdala anali kuseri. Ndinachotsa zonse ziwiri, yanga m'thumba lamanja, yawo m'thumba lamanzere, n'kuyamba kutsika ndikuimba mluzu.

Ndinali pakati pa njira pamene ndinamva chigudumu. Chimalira mwa mtundu wake, kwiii, kwiii, ngati njinga yopanda mafuta. Poyamba mutu unakana. Kenako pansi pa mapazi anga, mkati mwa phiri, munayamba kugunda.

Mpaka lero ndimadzifunsa ngati ndikanabwerera kugeti. Kumtunda kunali kutali, kumunsi kunali kutali. Ndinathamangira kumunsi ndikukuwa, "Malume! Madzi! Malume!" Ndinagwa kawiri, ndinang'ambika chigongono osamva. Koma ndanena kale, madzi amadutsa molunjika, munthu amazungulira.

Nditatulukira pamlatho bwato linali likuyenda madzi. Makwerero anali atagwa. Pansi pa chipilala chachinayi madzi ankatuluka pamchombo, chingwe choyera chachikulu chotsika mpaka mumtsinje. Ndinayenda m'mphepete mwa bwato kuchokera uku mpaka uko ndikuyang'ana m'madzi, ngati munthu angabisale m'madzi ofika m'chiuno. Chipewa chawo ndinachipeza chitakodwa pabawuti.

Tinafunafuna masiku anayi m'mbali mwa mtsinje, ife a kukomboni ndi apolisi. Sitinapeze ngakhale nsapato.

Pofufuza, nkhani inatha msanga. Thabwa linali loyera, anzathu awiri amene anali pafupi ndi geti anachitira umboni. Akuluakulu a munda anati Bonifasiyo anachotsa nambala yake, kenako anabwerera m'bwato mwina kukatenga chida, ndiye kulakwa n'kwake. Anandifunsa ngati ndinawaona akutuluka. Ndinati ndinatsogola, sindikudziwa. Nambala yawo inali m'thumba langa lamanzere, ndipo ndinkaimva ikutentha pantchafu. Ndinaopa ndende, ndinaopa kuthamangitsidwa, koma koposa zonse ndinaopa amayi. Ndinawasiya malume, munthu amene sanalakwitsepo mfundo imodzi pamlatho uja, alembedwe kuti anafa ndi kupusa kwawo.

Mdala wa pageti sananene kanthu pamaso pa apolisi. Tili awiri anangoti, "Nambala siyenda yokha, mfana." Kuyambira pamenepo sanandipatsenso moni. Ndikabwera kudzachotsa nambala yanga ankaima pakhomo, n'kundiuza ndi chibwano kuti nditambasule manja onse awiri ndisanatuluke.

Kumudzi ndinaimba foni, ndinati malume atengedwa ndi madzi. Amayi anangofunsa kuti, "Wawaona?" Nditati ayi, anadula.

Ndinakhalanso zaka ziwiri ku Joni chifukwa choopa kwathu. Ntchito ya mfundo anandipatsa ine, poti ndine ndinkaidziwa. Ndinkagwada pamalo omwewo, kutseka mchombo womwewo, khutu lili kuphiri. Mbalame ikalira ngati chigudumu ndinkapezeka ndili pamakwerero. Anzanga anayamba kundiseka, kenako anasiya kuseka. Chaka chachiwiri chizulo chinayamba kumandipulumuka m'manja, ndipo ndinalongedza kubwerera kwathu.

Ndinapeza zambiri zitasintha. Pamalire anyamata anali atasiya njinga zakapalasa, akuuluka ndi njinga zamoto. Akazi awo a malume anali atabwerera kwawo ku Molumbo ndi ana, atatopa kudikira maliro amene sankachitika. Amayi anali atachepa thupi, tsitsi lonse mbuu. Ndiwo ankakaniza malirowo. Ankati munthu amene mtembo wake sunaoneke sanafe, mwina anavuukira kwina, mwina mutu unasokonekera, adzabwera.

"Wabwera ndi chiyani cha alongo anga?" anandifunsa tsiku lomwelo.

Ndinawapatsa chikwama cha zovala ndi chipewa chija. Kenako, sindikudziwa chimene chinandigwira, ndinatulutsa nambala. Mwina ndinkafuna kuti andifunse.

Anaitembenuza m'manja. "Aka n'kachiyani?"

"Nambala yawo ya kuntchito."

"Unkawasungira ndiwe?"

"Eya."

"Mwana wanga," anatero, misozi ikutsika. "Ndinadziwa kuti sukandichititsa manyazi."

Anaimirira, anachotsa kolona pamsomali, n'kupachikapo nambala. Anati ikhale pamenepo mpaka mwini wake adzaitenge. Mayi amene sanaonepo geti kapena thabwa anaiika pamalo pamene ine ndinayenera kuisiya.

Zaka zitatu ndinkalowa m'nyumbamo chammbali. Ndinakwatira, ndinalima nandolo, ndinathandiza anthu a kudimba kuwolotsa madzi pakhwawa ndi migolo yodula pakati, iwo n'kumanditcha injiniya. Amayi ankauza aliyense wobwera kuti mwana wawo ankanyamulira malume ake chilichonse mpaka tsiku lomaliza. Mawu amenewo ankandilasa kuposa kutukwanidwa.

Amene anathetsa kudikira ndi malume aang'ono, a Zuze, amene tsopano ndiwo ankayang'anira mbumba. Anabwera ndi akatekisiti, anakhala ndi amayi tsiku lonse pansi pa mango. Anati ana a malemu akukula opanda manda oti aloze, mkazi sangamasulidwe, ndipo zimenezi si zabwino pamudzi. Pomaliza amayi anagonja. Anagwirizana zoika thunthu la nthochi m'malo mwa thupi, monga timachitira munthu akatayika m'madzi, litakulungidwa m'nsalu pamodzi ndi zovala zake ndi kamkuwa kaja.

M'mawa wa tsikulo bwalo linadzaza. A ku Molumbo anafika wapansi ndi panjinga. M'nyumba munali amayi atakhala pamphasa, a Zuze, ndi amuna awiri okulunga thunthu. Anaika malaya, anaika chipewa.

"Yatsala nambala," anatero a Zuze.

Amayi anandiyang'ana. "Kachotse iwe. Ndiwe unkawanyamulira zonse, uwanyamulirenso komaliza."

Ndinapita kuseri kwa chitseko. Ndinakweza dzanja. Kunja amayi a mpingo anali atayamba nyimbo, koma ine ndinkamva chigudumu. Dzanja linakana.

"Fulumira, mphwanga, dzuwa likukwera," anatero a Zuze.

"Nambala amachotsa mwini wake," ndinatero.

"Ukuti chiyani?"

Ndinagwada pomwepo n'kunena zonse, za thabwa, za bondo, za mwala umene ankakhalapo, za thumba lamanzere, ndi za bodza limene ndinalisiya m'mabuku a ku Joni. Ndinati malume sanabwerere m'bwato, sanatulukemo n'komwe, ndine ndinauza geti kuti atuluka. Amuna okulunga aja anazyolika. A Zuze anagwira pakamwa.

Amayi sanalire, sanakuwe. Anangoyang'ana manja awo.

"Anakuuza kuti usadzachitenso?" anafunsa.

"Anandiuza."

"Ndipo wa pagetiyo anakuuza?"

"Anandiuza, amayi."

Anadzuka pang'onopang'ono atagwira khoma. Anandidutsa, anachotsa okha nambala pamsomali, anaiika pachifuwa pa thunthu n'kukokera nsalu. Potuluka kupita kumanda anawerama kuti apinde mphasa yawo yokakhalira kumeneko. Ine, mwa chizolowezi, ndinatambasula dzanja.

"Siya," anatero. "Ndinyamula ndekha."

Papita zaka kuchokera tsikulo. Amayi amandilankhula, amadya za m'munda mwanga, ana anga amawabereka kumbuyo. Koma khasu, nkhuni, ndowa ya madzi, amanyamula okha, atapindika msana, ndipo ndikayandikira amasinthira katunduyo mbali inayo. Alendo akationa panjira, gogo atasenza mtolo, mwamuna wamphamvu akuyenda pambuyo chimanjamanja, amapukusa mitu n'kunena kuti amene uja ku Joni anakasiyako ulemu. Ine ndimangoyenda pambuyo pa amayi mpaka tikafike.